Tsiku la maliro si tsiku lotsatsa malonda

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za khalidwe limene lafala pakati pa ife amalonda, makampani, mabungwe ndi achinyamata amene amatiyendetsera masamba a Facebook, TikTok ndi WhatsApp, lomwe ndi kutsamira pa masiku a tchuthi ndi zochitika zikuluzikulu za m'dziko muno pofuna kuti anthu aone zimene talemba, ayankhepo ndiponso atumizire anzawo. Ndalemba kalatayi panopa chifukwa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko, layandikira, ndipo ndikudziwiratu zimene maso anga adzakumane nazo m'mawa wa tsikulo ndikadzangotsegula foni.

Ine ndine telala, ndipo ndili ndi kashopu mumzinda wa Zomba momwe ndimasoka zilundu, madiresi a ukwati ndi mayunifolomu pamodzi ndi atsikana awiri amene ndinawaphunzitsa ndekha. Tsamba lathu la Facebook anatitsegulira mwana wa mng'ono wanga, mnyamata wochenjera pa za foni, ndipo ndi iyeyo amene amajambula zithunzi ndi kuzikongoletsa, pamene ine ndimangoona n'kuvomereza. Choncho musanditenge ngati munthu wodana ndi intaneti, pakuti ambiri mwa makasitomala amene ndili nawo lero anandipeza pa foni asanaone khomo la shopu yanga. Njira yotsata kalendala imeneyi imagwiradi ntchito, ndipo ndaidyera. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti masiku a pa kalendala sali ofanana, ndipo munthu ayenera kuyamba wadziwa chimene tsikulo limatanthauza kwa eni ake asanalipachike chithunzi cha katundu wake.

Ndiyambe ndi mbali yokoma. Kwa atelala, Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndiwo msika waukulu wa chaka, ndipo zaka zina limaposa ngakhale Khirisimasi. Poyamba tinkangoika chithunzi cha chilundu n'kulembapo mtengo ndi nambala ya foni, ndipo amene ankayankha anali abale athu omwe ndi anzathu a ku banki m'khonde. Chaka china ndikulongosola sutikesi ya malemu mayi anga ndinapeza chitenje chawo chakale, chosuluka, chothetheka pakati chifukwa cha kubereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo pangodya pake panali padakali makwinya a mfundo imene ankamangapo ndalama zokagayitsira. Ndinauza mnyamata uja kuti achijambule chili chomwecho, osachisita, ndipo pansi pake tinangolemba funso limodzi lakuti kodi mbereko imene amayi anu ankakuberekerani inali yamaonekedwe otani. Sitinaike mtengo uliwonse. Usiku umenewo foni sinapume. Wina analemba kuti mbereko yake inali chitenje cha chipani chifukwa n'chokhacho chimene amayi ake anali nacho, wina anati yake anaikira nayo agogo ake m'manda, winanso wa ku Johannesburg anati wakhala zaka zisanu osaona amayi ake ku Machinga ndipo akufunsa ngati tingawasokere chilundu atatumiza muyezo pa WhatsApp. Ntchito imene tinapeza sabata imeneyo inatigoneka pa makina mpaka pakati pa usiku.

Pambuyo pake ndinamvetsa chimene chinachitika. Facebook saonetsa zolemba zathu kwa aliyense amene amatitsatira, koma amayamba ndi anthu ochepa, ndipo akaona kuti anthuwo akulemba ndemanga zazitali, akuyankhana okhaokha ndiponso akutumizira anzawo, amazipititsa kwa anthu ambiri. Tsono pa tsiku ngati la Anakubala mitima ya anthu imakhala italoza kale kumodzi, kotero kuti amene wafunsa funso loyenera safunika kukankha. Amangotsegula chitseko chimene anthu anali ataima kale pakhomo pake. Ndinaphunziranso za nthawi. Pa 15 ndi pakati pa mwezi pamene matumba a olandira malipiro amakhala atayamba kale kupepuka, ndipo chilundu sichisokedwa tsiku limodzi, choncho wofuna kugulitsa ayenera kuyamba kulankhula kumapeto kwa Seputembala. Pa tsiku lenilenilo anthu amakhala ali m'mabasi kupita ndi amayi awo kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima, ndipo chimene chimayenera pamenepo ndi kuthokoza ndi kuonetsa amayi amene avala zimene tinasoka, titayamba tawapempha.

Pali masiku enanso amene kalendala siingakuuzeni. Pa 15 Okutobala 2023, tsiku lomwelo la Anakubala, timu ya atsikana ya Scorchers inagonjetsa Zambia ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi n'kutenga chikho cha COSAFA kwa nthawi yoyamba. Madzulo amenewo tinalemba mizere iwiri yokha, yakuti lero ana aakazi apatsa amayi a dziko lino mphatso imene telala aliyense sangaisoke, ndipo anthu anailandira ndi manja awiri. Chimodzimodzi mu Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anamenya mpira uja ali kutali n'kuugwetsera mu ukonde wa Morocco ku Cameroon, dziko lonse linali pa foni, ndipo ngakhale Flames inatuluka mumpikisano usiku womwewo, wamalonda amene anasangalala nawo pa nthawi yake anakhala ngati mnansi amene wathamangira kukaimba nawo nthungululu. Zotere zimafuna kufulumira, chifukwa chimwemwe cha mpira chikagona masiku awiri chimakhala ngati nsima ya dzana.

Chodandaulitsa choyamba, chomwe n'chaching'ono poyerekeza ndi chimene ndikubwera nacho, ndi kukopera kalendala ya eni ake. Achinyamata athu amatenga zithunzi zokonzedwa kale pa intaneti, ndipo zithunzizo zimabwera ndi masiku a kumene zinapangidwira. N'chifukwa chake mu Disembala, mvula ikugwa ndipo chimanga chikufika m'mawondo, timaona zofunira anthu Khirisimasi yabwino zodzaza ndi chipale chofewa chimene agogo anga anamwalira asanachionepo. Kumapeto kwa Okutobala ena amatiikira maungu osemedwa nkhope a Halloween, pamene kuno dzungu ndi chakudya cha m'mawa ndipo nyengo yake imakhala itapita kale. Black Friday, tsiku lakunja lotsitsa mitengo m'masitolo, ikafika mu Novembala aliyense amafuna kukuwa nawo, osaganizira kuti ndalama ya mlimi pa nthawiyo yapita ku feteleza ndi mbewu. Ngakhale mbendera yathu ena amailakwitsa. Pa 6 Julayi chaka chilichonse sipalephera kupezeka tsamba limene laika mbendera ya dzuwa loyera lathunthu ija, imene inabwera mu 2010 n'kuchotsedwa mu 2012, chifukwa woikonzayo anangotenga yoyamba imene anaipeza. Safunsa anadya phula. Ndipo ndi angati mwa ife amene akudziwa kuti pali lamulo lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, limene limateteza mbendera ndi zizindikiro za boma kuti zisamagwiritsidwe ntchito pa malonda mwachisawawa?

Sindikunena kuti tsiku lililonse lakunja n'lopanda ntchito. Ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe amakumbukira amayi Lamlungu lachiwiri la Meyi, ndipo ku Britain amatero m'nyengo ya Lenti, Pasaka asanafike. Ana athu amene ali kumayiko amenewo akaona anzawo akugulira amayi awo maluwa, mtima umathamangira kumudzi, ndipo wamalonda amene angalankhule nawo mwachindunji pa masiku amenewo, kuwauza kuti akhoza kulipira ali komweko ife n'kukapereka mphatso kuno, sanalakwe. Kulakwa ndi kufunira amayi a ku Chinamwali tsiku labwino la Anakubala mu Meyi, iwo n'kumadabwa kuti Okutobala wafika liti.

Pamene tikuthamangira za eni, kalendala yathu ili phee, yodzaza. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, ndalama imayamba kuyenda m'maboma. Juni ndi Julayi ndi chisanu. Anthu akakolola ndiye nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa a mayiko atatu amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni ali ndi Umthetho ku Hora ndi Umhlangano ku Ntcheu. Alhomwe amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje mu Okutobala. Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero. Abale athu achisilamu ali ndi Ramadhani ndi Eid, imene kuno ku Zomba, Machinga ndi Mangochi imasuntha msika wonse wa nsalu. Pali tsiku lotuluka zotsatira za mayeso a MSCE, pali sabata yotsegulira sukulu, palinso Januwale amene aliyense amamudziwa kuti ndi mwezi wa bonya ndi ngongole. Aliyense wa masiku amenewa ali ndi anthu ake, mawu ake ndi nthabwala zake, ndipo nyimbo imodzi sachezera gule.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, ndipo ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Chaka china, titaona mmene Tsiku la Anakubala linatiyendera, tinaganiza kuti tchuthi chilichonse ndi mgodi. Pofika pa 3 Malichi mnyamata uja anakonza chithunzi chokongola kwambiri: kandulo woyaka, mitundu ya mbendera, chilundu chofiira pakati, ndi mawu akuti anafera ufulu wanu, inu valani mwaufulu, mitengo yatsika lero lokha. Atandionetsa anati, "Amayi aakulu, ichi chiphulika," ndipo ine ndinaseka n'kumuuza kuti aike. Chinaphulikadi, anthu anachikonda, ena anaika tinkhope toseka, ndipo tinagona titasangalala.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, wochokera ku Nkhata Bay koma anakhazikika kuno, amene ndakhala ndikumusokera zovala kwa zaka zambiri. Anali atasiya nsalu yake sabata yapitayo kuti timusokere chilundu cha ukwati wa mdzukulu wake. Anapereka moni bwinobwino, anakhala pa kampando kamene timakhazikapo oyezedwa, anaika kachikwama pamiyendo, kenaka anati, "Mwanangu, mundibwezere nsalu yanga ija." Ndinaganiza kuti mwina ukwati walephereka, ndipo ndinafunsa kuti kwagwanji. Iwo anayankha mosakweza mawu, "Malume anga anapita ku doko tsiku limenelo ndipo sanabwerere. Ine ndinali kamtsikana, koma kulira kwa amayi anga ndimakumvabe. Sanafere kuti inu mutsitse mtengo wa chilundu." Atsikana anga anaimitsa makina. Ndinatenga nsaluyo pa shelefu, ili ndi choko cha muyezo wawo, ndinaipinda n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndipo pakamwa panga panalibe mawu. Lamlungu lotsatira ndinapita kunyumba kwawo kukapepesa. Anandilandira, anandiphikira tiyi, tinacheza, koma chilundu cha ukwatiwo anakasoketsa kwina.

Kuyambira pamenepo ndinafuna kudziwa bwino za tsiku limene ndinalisandutsa msika. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa wachitsamunda, Robert Armitage, analengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa chiopsezo, ndipo mbandakucha wa tsikulo asilikali ndi apolisi anagwira atsogoleri ndi mamembala mazanamazana a Nyasaland African Congress. Dr Hastings Kamuzu Banda anamutenga kunyumba kwake ku Limbe n'kukamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru m'dziko la Zimbabwe. Ku Nkhata Bay ogwidwa anawaika m'sitima ya Mpasa, ndipo khamu la anthu litasonkhana pa doko kufuna abale awo, asilikali anawombera. Komiti ya woweruza milandu Devlin, imene boma la Britain linatumiza kudzafufuza, inawerenga anthu 20 ophedwa pamalo amenewo ndi 51 m'dziko lonse m'masiku a chipwirikiticho, ngakhale eni dera amati a ku Nkhata Bay anali ochuluka kuposa pamenepo. Zaka zimene zapitapo sizinafike 70. Ana ndi adzukulu a anthu amenewo ali moyo, ali ndi mafoni, ndipo amaona zimene timalemba.

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira mmene tsikuli linkakhalira: wailesi inkaimba nyimbo zachisoni tsiku lonse, malo omwera mowa ankatsekedwa, ndipo munthu wopezeka akulima kapena akusangalala ankaona zakuda. Sindikulakalaka kuti zimenezo zibwerere, chifukwa chisoni chokakamiza ndi ndodo si chisoni. Koma kuchoka pamenepo kufika pa kuika kandulo pambali pa botolo la mowa kapena nkhuku yootcha n'kulemba kuti mitengo yatsika polemekeza ofera dziko, tadumpha mtunda wautali kwambiri.

Kumudzi kukagwa zovuta, anyamata amathyola masamba n'kuika pamsewu mbali zonse ziwiri za pasiwa. Wapanjinga akawaona amatsika n'kumakankha, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wachipewa amavula, ndipo mayi wogulitsa tomato kapena usipa amene amabwera akukuwa amatseka pakamwa. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo. Mayiyo sanasiye kukhala wamalonda, dengu lake lili pamutu pomwepo, ndipo akangodutsa masamba achiwiri amayambiranso kukuwa popanda womudzudzula. Ngati wina wa pamaliropo akufuna tomato wa ndiwo za adzukulu, amamutsatira n'kugula mwakachetechete. Ulemu umenewu timaudziwa tonse kuyambira tili ana, koma tikangogwira foni timaiwala kuti pa kalendala ndi pa nkhani za tsiku palinso masamba oikidwa pamsewu.

Zimene ndinaona mu Malichi 2023 zinandipweteka kuposa kulakwa kwanga komwe. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, atakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi kumunsi kwa Shire, anthu oposa chikwi anafa kapena kusowa ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Boma linalengeza masiku 14 a maliro a dziko lonse. M'masiku omwewo masamba ena ankaika zithunzi za mitembo ya ana yodzola matope, nkhope zikuoneka, n'kulemba kuti usadutse osalemba RIP ngati uli ndi umunthu, ndipo pansi pake n'kuwonjezera kuti titsatireni kuti mumve zambiri. Makampani ena anatulutsa mauthenga a chipepeso amene chizindikiro cha kampani chinali chachikulu kuposa mawu opepesawo. Ena anapita kumisasa ndi matumba ochepa a ufa koma ndi ojambula ochuluka, n'kumuimika gogo amene wataya zonse kuti agwire thumba moyang'ana kamera mpaka chithunzi chituluke bwino. Zofananazo zinabwerezedwa mu Juni 2024, ndege itagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Maola amene dziko linali kudikira uthenga, masamba ofuna otsatira ankapikisana kulemba mphekesera, wina akuti yapezeka, wina akuti yatera kwina, ndipo itapezeka zithunzi za pamalo a ngoziyo zinayenda m'magulu a WhatsApp ngati kuti anthuwo alibe akazi, amuna ndi ana.

Kulemba RIP pansi pa chithunzi cha mwana wa mwini sikukhuza maliro. Kumangokweza tsamba la amene wachiikayo, chifukwa ndemanga iliyonse imauza makina a Facebook kuti apititse chithunzicho patsogolo. Eni ake a Facebook analengeza kale mu Disembala 2017 kuti azitsitsa zolemba zopempha anthu kuti akonde, alembe liwu linalake kapena atchule anzawo pongofuna kuchulukitsa manambala, kutanthauza kuti ngakhale iwo amene amadyera pa kuchuluka kwa ndemanga anaona kuti khalidweli ndi nyambo chabe. Ndipo manambala otere sagula kanthu. Munthu amene walemba Amen pansi pa chithunzi cha maliro sadzabwera mawa kudzasoketsa diresi.

Ndinene chilungamo kuti m'masiku omwewo a Freddy panali ena amene anagwiritsa ntchito masamba awo moyenera, ndipo anthu anawatsatira ambiri popanda iwo kupempha. Ankalemba kuti pa sukulu yakuti pali msasa ndipo chikusowa ndi zofunda, ndowa ndi zovala za ana. Kuti msewu wakuti waduka, musadzere kumeneko. Kuti amene ali ndi chothandiza akasiye pamalo akuti ndipo galimoto inyamuka nthawi yakuti. Pambuyo pake ankabwerera kudzafotokoza zimene zinasonkhedwa ndi kumene zinapita. Ife atelala angapo tinasonkhanitsa zidutswa za nsalu n'kusoka timabulangeti ta makanda, ndipo tsamba lathu linathandiza kupeza amene anatipatsa zitenje zakale. Amenewo ndiwo anali maliro n'kulirana a pa intaneti. Kusiyana kwake n'koonekeratu: wina akufunsa kuti tsokali lingandibweretsere chiyani, wina akufunsa kuti ovutikawa akusowa chiyani chimene tsamba langa lingafikitse.

Wina adzati, kodi tsono pa masiku okumbukira tizingokhala chete? Ayi. Kukhala chete ndi njira imodzi, ndipo si yochititsa manyazi, koma ilipo ina yoposa, yomwe ndi kupatsa anthu kanthu kena kokhudza tsikulo kuchokera pa ntchito imene umaidziwa. Pa 15 Januwale timakumbukira M'busa John Chilembwe, ndipo ambiri amangokopera nkhope yake ya pa ndalama ya K500 kapena K2000 n'kulemba kuti tsiku labwino la Chilembwe, ngati kuti ndi tsiku lobadwa la mnzawo. Ine monga telala ndinapeza kuti pa mishoni yake ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, imene anaiyambitsa mu 1900, amayi ankaphunzitsidwa kusoka, ndipo mkazi wake Ida anali m'gulu la ophunzitsawo. Titalemba zimenezi, aphunzitsi ndi ana a sukulu anatumizirana, ena anatiwongolera pena, ndipo panabuka kucheza kwenikweni. Wogulitsa mabuku ali ndi nkhani yake ya tsikulo, mlimi ali ndi nkhani ya thangata, ndipo inu a nyuzipepala muli ndi yanu, pakuti Chilembwe yemweyo mu Novembala 1914 analembera kalata mkonzi wa Nyasaland Times kudandaula za kutengera anthu akuda ku nkhondo imene sinali yawo, miyezi iwiri asanayambitse kuukira kwa pa 23 Januwale 1915.

Pali masiku enanso amene si a maliro koma ndi oterera. Pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, banja lina limakumbukira misewu, zipatala ndi Kamuzu Academy, pamene banja loyandikana nalo limakumbukira bambo amene anatengedwa usiku n'kukatsekeredwa ku Mikuyu kuno ku Zomba popanda mlandu. Achinyamata ena oyendetsa masamba amadziwa zimenezi, ndipo amaponya dala funso loputa kuti anthu atukwanizane m'ndemanga, manambala akwere. Akweradi, koma wamalonda amakhala wasandutsa khonde la shopu yake bwalo la ndewu, ndipo makasitomala a mbali zonse ziwiri amachoka atakwiya naye. Nthawi ya chisankho n'chimodzimodzi. Za Bullets ndi Wanderers zokha ndiye ndimalola kuti mnyamata uja aseke nawo, pokhapokha asaulule kuti shopu ili mbali iti, chifukwa atsikana anga awiriwo ali mbali zosiyana ndipo ine ndikufuna mtendere pa makina.

Ndikudziwa kuti mnyamata kapena mtsikana amene walembedwa ntchito yoyendetsa tsamba la kampani amafunsidwa manambala mwezi ukatha, ndipo bwana akaona kuti opikisana nawo aika kanthu pa tsiku la tchuthi amafunsa kuti ife tili kuti. Mlandu suli pa achinyamatawa okha. Ambiri anabadwa ulamuliro wa zipani zambiri utabwera kale, ndipo 1959 kwa iwo ndi funso la pa mayeso. Amene ayenera kuyankha ndi ife ovomereza, monga ine ndinavomerezera chithunzi chija ndikuseka. Masiku ano zithunzi za mwezi wonse amazikonzeratu n'kuziika kuti zizituluka zokha pa nthawi yake, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi ina, chifukwa tsoka silidikira ndondomeko: dziko likhoza kudzuka ndi maliro, tsamba lanu n'kumatulutsa nthabwala imene munakonza masabata awiri apitawo. Payenera kukhala munthu wamkulu amene uthenga woipa ukangomveka amakumbukira kukaimitsa zonse zimene zili pamzere.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti kumayambiriro kwa mwezi uliwonse muzitipatsako kadanga kakang'ono kofotokoza m'Chichewa masiku ofunika a mweziwo, chiyambi chake, ndi amene tsikulo limawakhudza, kuphatikizapo masiku amene si a tchuthi koma mabanja amawakumbukira, monga 20 Julayi, pamene anthu 20 anaphedwa pa zionetsero za mu 2011, kapena ngozi ya pa 6 Julayi 2017 pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa chipata cha bwalo la Bingu ku Lilongwe. Amene amaphunzitsa achinyamata kutsatsa malonda pa intaneti aikenso mbiri ya dziko lino m'maphunziro awo, pambali pa luso lokongoletsa zithunzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndinatsinidwa kale ndi mayi uja wa ku Nkhata Bay.

Za chaka chino takambirana kale ndi mwana wa mng'ono wanga uja. Pa 3 Malichi tidzalemba ndime imodzi yokha yonena za Rose Chibambo, mayi amene nkhope yake ili pa ndalama ya K200, amene anatsogolera amayi a Nyasaland African Congress ndipo mu 1959 anatsekeredwa m'ndende ya kuno ku Zomba ali ndi khanda m'manja. Sipadzakhala mtengo, nambala ya foni kapena chithunzi cha chilundu. Shopu idzakhala yotseka, ndipo zovala za Pasaka tidzayamba kutsatsa pa 5 Malichi.

Ine wowerenga wanu,
Mayi telala,
Zomba.